Musakweze katundu pa lole ya munthu amene simukumudziwa

Ambiri mumandidziwa ngati uja amathandiza kulemba mayina ku ofesi. Kwathu ndi ku Angónia, koma ndisanalowe mu kampu muno ndidagwira ntchito zaka zinayi pa pulazi ya fodya ku Wedza, kupitirira Marondera. Ndikudziwa kuti enanu mudasiya katundu m'makomboni a kumeneko, ndipo ena muli ndi abale amene akufuna kunyamuka pa pulazi kulunjika kumudzi. Lero ndabwera ndi nkhani ya malole.

Chisainireni mtendere a Chissano ndi a Dhlakama ku Rome pa 4 October 1992, mitima yathu ili panjira. Chisankho chikubwera mu October chaka chino cha 1994, ndipo aliyense akufuna mvula ya November imupeze atasosa kale munda wake. Akuba nawonso akudziwa kuti tili pa changu.

Ndiyambe ndi zimene zidationekera ife. Chaka chatha mu August, amalume anga adatsanzika ntchito ku Wedza atakhalako zaka zoposa 20. Katundu wawo adali makina osokera, njinga, wailesi, bedi, malata 12 ndi matumba a chimanga. Ine ndi amene ndidapita kukafuna lole ku Marondera. Pa siteshoni ya mabasi ndidakumana ndi bambo wina wovala bwino, wolankhula Chichewa chathu chomwechi, mpaka kunditchula kuti mphwanga. Mtengo wake udali wotsika kuposa wa ena onse. Adati ndilipiretu zonse kuti agule dizilo, ine n'kupereka.

Lole idabwera usiku, woyendetsa ali wina. Titafika pa Mutoko, dalaivala adati galimoto yavuta, tikwere basi tikamudikire pa malire ku Nyamapanda. Tidadikira masiku atatu, osaoneka. Kupolisi adatifunsa nambala ya lole, dzina la mwini wake ndi lisiti, ndipo pa zitatuzo tidalibe n'chimodzi chomwe. Amalume adawoloka malire ndi bulangete ndi kathumba ka m'manja. Mpaka lero sadandikalipirepo, koma mumtima ndimadziwa kuti wolakwa ndidali ine.

Choyamba choti mudziwe: ulendo wa UNHCR ndi waulere. Basi yonyamula anthu ndi lole yonyamula katundu salipiritsa. Munthu akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lanu likhale patsogolo, mukamunene ku ofesi tsiku lomwelo. Musanaganize zobwereka lole yapadera, kafunseni kaye ku ofesi ngati katundu wanu angakwere pa ulendo waulerewu. Zimene ndinene tsopano ndi za iwo amene katundu wawo ali kutali, monga kumapulazi.

Pezani lole kudzera mwa munthu amene idamunyamulirapo. Funsani a folomani, a mpingo, kapena banja limene lidasamuka n'kutumiza uthenga kuti lidafika bwino. Mwini lole weniweni ali ndi pakhomo pake, ndipo sakana kuti mukaone pamene galimoto imagona. Munthu wokupezani pa siteshoni, amene lole yake ili “kuseri uko”, nthawi zambiri ndi mkhalapakati chabe. Kulankhula chinenero chathu si umboni wa chilungamo.

Mukaiona lole, lembani nambala yake papepala, ndipo muyerekeze ya kutsogolo, ya kumbuyo ndi imene ili pa kapepala ka laisensi pagalasi. Pemphani kuona chitupa cha dalaivala ndi laisensi yake. Kuno ku Zimbabwe woyendetsa lole amayenera kukhala ndi Class 2, ndipo galimoto ya katundu imayenera kukhala ndi pepala la ku VID losonyeza kuti adaiyeza. Yang'ananinso matayala, tayala lapadera, tenti yofunditsa katundu ndi zingwe. Akakwiya chifukwa mwafunsa, musiyeni apite.

Pangano lilembedwe. Papepalapo pakhale mtengo wonse, tsiku lonyamuka, ndi dzina la malo enieni otsitsira. Apa ndi pamene ambiri akulirira. Kuchokera ku Harare kufika ku Nyamapanda ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 240, koma kwathu n'kutsogolo: Cuchamano, Changara, mlatho wa Zambezi pa Tete, Moatize, kenako Angónia kapena Tsangano. Lole yopanda mapepala owolokera malire idzakutsitsani pa Nyamapanda. Mufunsiretu ngati iwoloka, ndiponso amene alipire za pa malire. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni ziwiri, pepala lina lisale kwa mbale amene sakupita nawo. Amene simutha kulemba, bwerani kwa ife odzipereka, tikulemberani kwaulere.

Ndalama musapereke zonse poyamba. Ya dizilo perekani pa tsiku lokweza, katundu ali kale pamwamba, ndipo akulembereni lisiti. Yotsala mupereke katundu atatsika pakhomo, mutawerenga.

Werengani katundu asanakwere. Lembani dzina lanu ndi mudzi wanu pa thumba lililonse, pa malata ndi pa bokosi. Nambala ya njinga ndi ya makina osokera zilembedwe pa mndandanda, ndipo ngati mudasunga malisiti ogulira, adzakuthandizani kwa a kasitomu. Mabanja awiri kapena atatu mukhoza kusonkherana lole imodzi, koma banja lililonse likhale ndi mndandanda wake kuti musakadane pofika.

Chachikulu koposa: musasiyane ndi katundu. Munthu wamkulu mmodzi akwere pa lole kuyambira pa komboni mpaka kumudzi. Ikafa panjira, gonani pomwepo. Fomu yanu yobwerera kwanu, makhadi a kusikelo a ana, makalata a sukulu ndi ndalama zikhale pathupi panu, osati m'bokosi. Nyamukani m'mawa, muyende masana. Mukawoloka malire musalole dalaivala kudulira tinjira ta m'tchire, ndipo ana asapatuke kutali ndi msewu poima, chifukwa mabomba okwirira akadali m'nthaka m'malo ambiri.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidalidya, ndipo sindifuna wina pano alilawe. Ndimapezeka ku ofesi m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Bwerani ndi nambala ya lole ndi dzina la mwini wake, tiunike limodzi musanatulutse ndalama.