Nthomba ya ku Gloucester: Mau kwa Mafumu, Aphunzitsi ndi Makolo

Mafumu, aphunzitsi ndi makolo nonse, nkhani ya mwezi uno icokera ku Mangalande, ku mzinda wa Gloucester. Ndi nkhani ya nthomba, nthenda ija imene agogo a m'midzi muno aikumbukira, yosiya zipsyera kumaso ndi kucititsa ena khungu. Musaisokoneze ndi katsabola wa ana. Katsabola ngwopepuka, koma nthomba yoopsya inali kupha anthu ngati atatu mwa khumi ali onse odwala.

Mtunda wosafika mamailosi 20 kucokera ku Gloucester kuli mudzi wa Berkeley, kwao kwa Dokotala Edward Jenner. Pa 14 May 1796 iye anatenga mafinya a nthomba ya ng'ombe pa dzanja la mkazi wokama ng'ombe, natemera nao mnyamata wa zaka 8, dzina lace James Phipps. Pambuyo pace anamuyesa ndi mafinya a nthomba yeni-yeni, koma mwanayo sanadwale. Umo ndimo m'mene katemera anayambira.

Pa caka ca 1853 Boma la Mangalande linaika lamulo lakuti mwana ali yense atemeredwe asanapitirire miyezi itatu, ndipo kholo lokana lizilipira faindi. Anthu ambiri anadana nalo lamuloli, ndipo madandaulo ao sanali acabe onse ai. Masiku amenewo madokotala anali kutenga mafinya pa mkono wa mwana wina ndi kutemera nao mnzace, ndipo nthawi zina matenda ena, monga cindoko, anali kupita nao pamodzi. Faindi nayo inali kupweteka amphawi koposa. Tsono mu 1887 akulu a bungwe loyang'anira za katemera ku Gloucester anapangana kuleka kuimba mlandu makolo okana. Zaka zinapita, nthomba osaoneka, ndipo ana ambiri-mbiri anakula osatemeredwa.

Nthenda inalowa mu mzinda mu 1895, poyamba pang'ono-pang'ono. Kuciyambi kwa 1896 inafika m'masukulu a ana ang'ono m'cigawo ca kumwera, kumene kunali nyumba za anthu anchito, makamaka sukulu ya ku Widden Street. Apa aphunzitsi amvetse bwino. Ana anali kukhala mothithikana m'cipinda cimodzi, kupuma mpweya umodzi, ndipo poweruka anali kunka nayo nthendayo kwa abale ao. Nthomba imabisala m'thupi masiku ngati 12 isanaonekere, cotero pamene akulu anatseka masukulu inali itawanda kale. Cipatala ca odwala nthomba ca ku Stroud Road cinadzaza, ndipo ambiri anadwalira m'nyumba zao.

Mzindawo unali ndi anthu ngati 40,000. Odwala anafika pafupi-fupi 2,000, ndipo anamwalira ndi 434. Dokotala Sidney Coupland, amene anatumidwa kukafufuza, anapeza kuti mwa akufawo ana osafika zaka 10 anali ngati 280, ndipo pafupi-fupi onsewo anali osatemeredwa. Maliro atacuruka, makolo omwe aja okana anayamba kupereka mikono yao ndi ya ana ao, otemera nayenda khomo ndi khomo. Anthu zikwi zambiri anatemeredwa m'miyezi yowerengeka, ndipo pakati pa 1896 mliri unatha, zaka 100 ndendende citemerere Jenner mnyamata uja.

Boma nalo linatolapo nzeru. Lamulo la 1898 linalola kholo kukana ngati lanena cifukwa cace pamaso pa woweruza, ndipo madokotala a Boma analeka kutemera kucokera pa mkono wa mwana wina. Mankhwala anayamba kuwatenga ku ana a ng'ombe. Kukakamiza kunatheratu mu 1948.

Munthu womariza kutenga nthomba yoyenda m'midzi anadwala ku Somalia mu 1977, ndipo pa 8 May 1980 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti nthendayi yatha. Cifukwa cace ana a lero satemeredwanso nthomba. Koma cikuku cikalipo, ndipo cimayenda m'kalasi msanga kuposa nthomba. Katemera wace amayamba mwana akakwana miyezi 9, ku sikelo. Mafumu akumbutse amai za tsiku la sikelo, ndipo aphunzitsi, polemba ana atsopano, apemphe makolo kubwera ndi makhadi ao.