CITAGANYA CINATHA, NANGA MCONA?
Mau olankhulidwa kwa anthu a ku Hatcliffe, Harare

Inu nonse a m'migodi ndi m'mapulazi, cherani khutu.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba m'caka ca 1953 eni dziko osafuna. Makolo athu anacikana, ndipo anacita bwino. Koma kucokamo kunali nchito yaikulu.

M'caka ca 1960 bungwe la Lord Monckton linati dziko lofuna kucoka liloledwe. Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Citaganya, anakanitsitsa. Msonkhano wa ku London wa December caka comweco unabalalika osamvana. Akulu-akulu anakokana zaka ziwiri, kufikira December 1962, pamene Bambo R. A. Butler wa Boma la Mangalande anabvomera kuti Nyasaland acoke. Masiku onsewo wamalonda sanadziwe ngati katundu wa ku Salisbury adzalipira msonkho polowa m'Nyasaland. Mcona sanadziwe ngati ndalama yotumiza kumudzi idzagula zomwe inkagula kale.

M'caka ca 1963 anakhala pansi ku Victoria Falls kupangana za ngongole za Boma, asilikali, njanji, ndege ndi magetsi a ku Kariba. Citaganya cinafa pa 31 December 1963. M'caka ca 1964 maiko atatuwo anayamba yense ndalama yake-yake. Ian Smith atapandukira Mangalande m'caka ca 1965, njanji ndi ndege zomwe anagwirizira pamodzi zinagawika m'caka ca 1967.

Nanga munthu uja anabwera ndi Mthandizi, nakwatira, nabala ana kuno? Pa msonkhanowo analibe mpando. Ana ake anakula ndi citupa colembedwa "Alien", ndipo lamulo la 2001 linacotsera ambiri unzika m'dziko lomwe anabadwiramo.

Tsono mvetsani. Ndime 43 ya malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 ikuti: munthu wobadwira kuno malamulowo asanayambe, amene anali kukhala kuno pa nthawiyo, ndipo kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la m'SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika mwa kubadwa.

Tengani kalata yanu ya kubadwa, pitani ku ofesi ya zitupa, akusinthireni citupa. Lembetsani ana. Perekezani nkhalamba zosadziwa kuwerenga. Maboma akadzakangananso, adzatipeze tiri ndi makalata m'manja.