Khadi la Chipani ndi Ufulu wa Chikumbumtima

Pamzere umodzi wa othyola tiyi m'minda yoyandikana ndi dera la Mfumu Kapichi ku Thyolo pamatha kupezeka Mkatolika, wa CCAP, Msilamu, wa Mboni za Yehova, ndiponso wosunga Sabata amene mishoni yake ya Malamulo ili m'boma lomweli chiyambire 1902. Kapitawo amayeza dengu, safunsa kumene munthu amapemphera. Koma mtendere wotere udabwera anthu atakhetsa misozi.

Mu Okutobala 1967 boma lidaletsa Mboni za Yehova ponena kuti gululo lidali loopsa ku ulamuliro wabwino wa dziko. Gwero la mlandu lidali khadi la chipani cha Malawi Congress Party. A Mboni ankakhoma msonkho, koma khadilo ankalikana chifukwa chiphunzitso chawo sichilola kuloŵa ndale.

Mu Sepitembala 1972 msonkhano waukulu wa chipanicho ku Zomba udagamula kuti a Mboni onse achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, ndiponso kuti apirikitsidwe m'midzi. Kwa wantchito wa pa esiteti chigamulo chotere n'cholemera koposa, pakuti nyumba imapita pamodzi ndi ntchito. M'madera ambiri nyumba zidatenthedwa, anthu adamenyedwa, ena adaphedwa. Zikwizikwi adathaŵira ku Sinda Misale ku Zambia, koma mu Disembala chaka chomwecho adabwezedwa. Ena adaloŵera ku Mozambique, ndipo pambuyo pake ambiri adatsekeredwa m'ndende ya Dzaleka ku Dowa.

Kodi malamulo a maiko onse amati chiyani pa nkhani yotere? Chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene United Nations idavomereza mu 1948 chimanena m'ndime 18 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo. Pangano la 1966 la ufulu wa nzika ndi wa zandale lidalekanitsa zinthu ziŵiri. Boma lingathe kuika malire pa zimene munthu amachita popembedza, ngati lamulo lanena momveka ndipo ngati n'kofunikadi kuteteza bata, thanzi kapena ufulu wa ena. Koma silingakakamize munthu kusiya chimene amakhulupirira, ndipo ndime 4 imaletsa kuimitsa ufulu umenewu ngakhale dziko lili pangozi. Munthu wokana khadi sadatenge mkondo, sadabe, sadatchinge mnzake kugula lake. Liwu lakuti chitetezo lidangokhala chophimba.

Chiletsocho chidachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, patapita miyezi iŵiri chichitikire riferendamu imene Amalaŵi adasankhira ndale za zipani zambiri. Mu Disembala 1993 Malaŵi idaloŵa m'pangano la 1966 lija, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 adakhazikitsa ufulu wa chikumbumtima m'ndime 33. Chaka chomwecho Dzaleka idasanduka msasa wolandirira othaŵa kwawo ochokera kumaiko ena.

Komabe pepala silidziteteza lokha. Amene adatentha nyumba zija sadachokere kutali. Ambiri adali anansi. Choncho ndime 33 imayesedwa pabwalo la mfumu, mu ofesi yolembera antchito ndi paguwa la mlaliki, pamene munthu wa chipembedzo chosakondedwa afuna malo, ntchito kapena manda. Womteteza safunika kugwirizana naye pa chiphunzitso. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.