Dzimbiri lisatidyere ngolo ya boti: mawu a mlangizi wa za usodzi pa msonkhano wa makomiti a m'magombe a nyanja ya Chilwa

 Nthawi zambiri alangizife tikaima pamaso panu mumadziwiratu kuti nkhani ndi ya maukonde oletsedwa kapena nyengo yotseka nyanja. Lero tabwera ndi nkhani ya chitsulo. Tikufuna tikambirane za ngolo zonyamulira maboti, zimene ena amati thirela, ndi mdani wake wamkulu, dzimbiri.

Tiyambe ndi zimene tinaona ndi maso athu pa gombe lina, limene sititchula dzina. Komiti ya pamenepo inalandira boti loyendera panyanja pamodzi ndi ngolo yake. Ngoloyo inkaoneka bwino ndithu, penti yake ili gwa. Nyanja itayamba kuphwa, madzi anathawira kutali ndi gombe, ndipo panafunika kusamutsa botilo. Anyamata analikweza, nayamba kukoka. Asanapite patali, chitsulo cha m'mbali chinathyoka, boti linagwa n'kung'ambika matabwa awiri, ndipo mnyamata wina anapulumukira mkamwa mwa mbuzi chifukwa phazi lake linali pafupi. Titayang'ana pothyokapo tinapeza kuti paipi yonse inali itadyeka m'kati, kwatsala kachikopa kopyapyala ndi penti basi. Boti linakhala pamtunda miyezi ingapo, ndipo nthawi yonseyo komiti sinkatha kuyendera nyanja.

Sitikunena izi pofuna kunyoza anzathuwo. Ifenso alangizi tinalakwa. Tinalipo tsiku lopereka katunduyo, tinaomba m'manja, koma palibe amene anakhala pansi ndi komiti kufotokoza kasamalidwe kake. Ndiye lero tikukonza kulakwa kwathu.

Chifukwa chiyani chitsulo sichikhalitsa kuno?

Nyanja yathu ya Chilwa ndi yosiyana ndi nyanja ya Malawi. Nyanja ya Malawi imatulutsa madzi ake kudzera mu mtsinje wa Shire. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique imangothira, ndipo madzi amachoka pouma ndi dzuwa. Madzi akamauma, mchere umene mitsinje inabweretsa umatsalira. N'chifukwa chake madzi a pakati pa nyanja amamveka mchere pakamwa, ndipo pamene nyanja yaphwa mumaona zoyera pamwamba pa dothi. Si zachilendo. Ngakhale David Livingstone atafika kuno mu 1859 anapeza madziwa ali otero.

Mcherewu umachuluka madzi akamachepa. Akuluakulu akukumbukira kuuma kwa 1968, ambirife tikudziwa za 1995 ndi 2018. Komanso chaka chilichonse, miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, madzi amatsika ndipo mchere umakwera. Tsono taonani vuto lake: nthawi imene madzi ali kutali ndi gombe, pamene ngolo ikufunika kwambiri, ndi nthawi yomweyonso imene madzi ndi matope zili ndi mchere wambiri.

Kuti chitsulo chichite dzimbiri pamafunika zinthu ziwiri, chinyezi ndi mpweya. Mchere umafulumizitsa ntchitoyo, ndiponso umakoka chinyezi, kotero kuti chitsulo chimene chili ndi mchere sichiuma msanga ngakhale chitakhala padzuwa. Matope athu akudawa amamatirira m'makona n'kusunga mchere ndi chinyezi kwa masiku ambiri. Choncho ngolo imadyeka kwambiri itatuluka kale m'madzi, ili chiimire pansi pa mtengo, ife tikuganiza kuti yapuma.

Malo amene dzimbiri limabisala

Dzimbiri limene timaliona pamwamba si loopsa kwenikweni. Loopsa ndi lobisika. Poyamba, m'kati mwa mapaipi. Madzi amalowa pa kabowo kakang'ono koma osatuluka, ndipo amadya chitsulo kuchokera m'kati monga anankafumbwe amachitira ndi chimanga. Chachiwiri, pamene anawotcherera, pakuti moto umapsereza penti ndi zoteteza zina. Chachitatu, pakati pa masipuling'i, pamene zitsulo zasanjikizana. Chachinayi, mabawuti ndi manati, makamaka amene amagwira ekiselo, chitsulo chopingasa chija chimene magudumu amazungulirapo. Chachisanu, maberingi a m'magudumu. Chomaliza, pansi pa matabwa kapena ziguduli zimene boti limakhalapo. Chiguduli chonyowa chimasunga mchere ngati thonje.

Kutsuka tsiku lomwelo

Njira yoyamba ndi yosalira ndalama. Ngolo ikatuluka m'madzi kapena m'matope, itsukidwe tsiku lomwelo, matope asanaume. Yambani ndi kamtengo kukolopola matope m'makona, kenaka thirani madzi opanda mchere, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Musaiwale kunsi, masipuling'i ndi kuseri kwa magudumu. Zidebe zitatu kapena zinayi zimakwana ngati mukuthira mosamala. Mukatsuka ndi madzi a m'nyanja momwemo, mwangochotsa matope koma mchere mwausiya.

Tikudziwa kuti mijigo ina ya kuno nayonso ili ndi mchere. Lawani madziwo. Ngati akumveka mchere, funani a mumtsinje kapena a mvula amene mwatchera pa denga. Ndipo musatsukire ngolo pamjigo penipeni, pakuti matope ndi girizi zingaipitse malo otungira madzi akumwa. Tikupemphanso abambo kuti amene wagwiritsa ntchito ngolo atunge yekha madziwo panjinga. Isasanduke ntchito ina ya amayi, amene ali kale ndi zambiri pa thandala la nsomba ndi pakhomo.

Mukatsuka, imikani ngolo mopendekera, kutsogolo kuli m'mwamba, kuti madzi atsike. Ngati mapaipi ake ali otseka, pemphani mmisiri aboole kabowo kunsi kwa paipi iliyonse, pamalo otsika kwambiri, ndipo muzikatokosa ndi waya kuti kasatsekeke ndi matope.

Magudumu ndi girizi

Maberingi ndi tizitsulo tating'ono koma tikafa ngolo siyenda. Ngati n'kotheka, musalowetse ngolo m'madzi mpaka pakati pa gudumu. Imani m'mphepete, yalani mitengo yogudubuzira, ndipo boti litsikire pamenepo. Tikudziwa kuti magombe athu ambiri ndi osaya ndipo nthawi zina simungachitire mwina. Zikatero, kumbukirani ichi: ngati ngolo yakokedwa ndi galimoto ulendo wautali, pakati pa gudumu pamakhala potentha. Mukaiviika m'madzi nthawi yomweyo, mpweya wa m'katimo umazizira n'kukhwinyata, ndipo umayamwa madzi kulowetsa mu beringi. Dikirani kaye mpaka dzanja lizitha kugwirapo bwinobwino.

Kuti mudziwe ngati madzi alowa, tsegulani kachivundikiro ka pakati pa gudumu. Girizi wabwino amakhala ndi mtundu wake. Akasanduka woyererako ngati phala, kapena wofiirira, ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi kapena dzimbiri. Muchotseni yense, tsukani beringi ndi parafini, iume, ndipo muike watsopano. Pogula funsani girizi wosasungunuka ndi madzi, amene amagwiritsa ntchito pa zipangizo za m'maboti. Kachivundikiro kakatayika musayende choncho, gulani kena. Kamodzi pa mwezi tukulani gudumu ndi jeke n'kulizunguza. Likamalira ngati mphero kapena likamagwedera, beringi yatha. Pakaninso girizi pang'ono pa mabawuti ndi pa cholumikizira cha kutsogolo.

Pali chizolowezi chopaka oyilo wakutha wa mu injini pa ngolo yonse. Tikukupemphani kuti muleke. Oyiloyo amasukuluka ngolo ikalowa m'madzi, ndipo amayandama m'mphepete ndi m'mabango, mmene ana a matemba, makumba ndi milamba amakulira. Ife amene tikuletsa anzathu kupha nsomba zing'onozing'ono sitingakhale oyamba kuziipitsira malo.

Penti, kamodzi pa chaka

Penti imateteza ikakhala pa chitsulo choyera ndi chouma. Kupaka pamwamba pa dzimbiri n'kungobisa matenda, monga zinachitikira pa gombe lija. Yambani ndi kutsuka mchere wonse. Gogodani ndi hamala kuti zikamba za dzimbiri zigwe, palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke. Pogogodapo muzimvetsera. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwe, chodyeka chimalira mogonthera ndipo nthawi zina hamala imaboola. Pamene paboola pasapakidwe penti, padulidwe n'kuwotchereredwa chitsulo china.

Tsiku lomwelo limene mwapala pakani penti yoyamba ija yofiira, imene m'masitolo amati red oxide. Ikauma pakani penti ya mafuta kawiri, kapena penti yakuda ya phula kunsi kwa ngolo. Nthawi yabwino ndi mvula isanayambe, mu Seputembala kapena Okutobala, pamene kunja kuli kouma. Pa nyengo yotseka nyanja timakhala ndi mpata, koma kumakhala chinyezi ndipo penti sigwira bwino. Nyengo imeneyo isungireni ntchito ya maberingi ndi mabawuti. Pakati pa chaka, penti ikakandika, pakanipo sabata yomweyo.

Komiti imene ikufuna kugula kapena kupangitsa ngolo yatsopano ifunse zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati mmene malata amakhalira. Zinkiyo imadyeka m'malo mwa chitsulo, choncho ngolo imakhalitsa, ngakhale kuti nayonso imafuna kutsukidwa. Powotcherera chitsulo chotere zinki imapsa, ndiye pamalopo papakidwe penti, ndipo mmisiri azigwirira panja chifukwa utsi wake umadwalitsa. Chachiwiri, zitsulo zotseguka, zokhala ngati ngalande, n'zabwino kuposa mapaipi otseka, pakuti mumaona paliponse ndipo madzi sabisala. Pewaninso kuphatikiza zitsulo zosiyana. Mkuwa ukagundana ndi chitsulo wamba m'madzi a mchere, chitsulo wambacho chimadyeka msanga pamalo pogundanapo.

Posungira pakhale pamtunda, pouma, pamene mphepo imapita. Isakhale pa udzu wautali kapena pa dothi loyera la mchere lija. Kachisakasa ka udzu n'kokwanira, ndipo kamatetezanso matayala ku dzuwa. Ikakhala nthawi yaitali osayenda, ikhazikeni pa njerwa. Kumbukirani kuti madzi a Chilwa amabwerera. Mu 2023, itadutsa mvula ya namondwe Freddy, malo ambiri amene tinkawayesa mtunda anamira.

Amene mulibe ngolo musaganize kuti nkhaniyi si yanu. Nangula, tcheni, misomali ya boti la matabwa, mawaya oumitsira nsomba, njinga imene mumapalasa pa matope popita kokagula matemba, zonsezi zimafa imfa yomweyo ndipo mankhwala ake ndi omwewo. Injini nayo ikachoka m'madzi a mchere iyenera kulizidwa pang'ono mwendo wake uli mu mgolo wa madzi abwino, kuti mchere utuluke m'njira za madzi ozizitsira.

Mwini wake ndani?

Zonse tanenazi n'zosavuta. Funso n'lakuti, azichita ndani? Njinga ya munthu imapukutidwa madzulo alionse. Ngolo ya komiti aliyense amaibwereka, koma potsuka aliyense amati atsuka mnzanga. Makomiti a m'magombe anakhazikitsidwa kuno nyanja itauma mu 1995, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Kutenga mbaliko sikuthera pa kulanda maukonde oletsedwa. Kumafikanso pa katundu amene amatithandiza kugwira ntchitoyo. Tisayembekeze kuti ngolo ikafa kubwera ina. Mabungwe amabwera n'kupita, ife timatsala ndi nyanja.

Choncho tikupempha komiti iliyonse kuti pa msonkhano wake wotsatira ichite zinthu zitatu. Isankhe munthu mmodzi, mayi kapena bambo, woyang'anira ngolo, ndipo amfumu amudziwe. Igule kope lolembamo wobwereka, tsiku, ndi ngati wabweza yotsuka. Wobweza ya matope abwezedwe nayo akatsuke, ngakhale akhale wapampando. Ndipo igwirizane kandalama kochepa kamene wobwereka azipereka, kosungidwa ndi msungichuma pa girizi ndi penti basi, n'kumawerengedwa poyera pa msonkhano.

Ife alangizi tikulonjeza kuti pobwera mwezi wamawa kudzalemba za nsomba, tidzatenga hamala ndi sipanala. Tidzagogoda limodzi ngolo ya gombe lililonse ndi kutsegula gudumu limodzi kuti woyang'anira aone mmene girizi amaikidwira. Amene muli ndi ngolo imene mukuikayikira, musakwezepo boti kufikira tsiku limenelo.

A Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, tathera pamenepa. Tsopano tilandire mafunso, ndipo tiyambe ndi amayi.