Wogwa ndi Njinga Asaitaye Kutchire



Ife a ku Phalula njinga timaidziwa. Timaiona m'bandakucha pa msewu wa M1, itasenza matumba, ikulunjika ku Balaka kapena ku Zalewa. Tidziwanso zimene zimachitika munthu akagwa nayo pamsika: bondo limapola msanga, koma kuseka kwa anthu kumatsalira mumtima.

Tamvani za Mkhristu mnzathu wa ku Italy, Gino Bartali, wobadwa mu 1914 kufupi ndi mzinda wa Florence. Mu 1937, akutsogola pa mpikisano waukulu wa Tour de France, adagwera mumtsinje ndi njinga yake, ndipo patapita masiku ochepa adalekera panjira. Adabwereranso mu 1938 napambana. Kenaka nkhondo idabuka, nimudyera zaka za unyamata wake. M'zaka zimenezo ankapalasa maulendo ataliatali ngati wokonzekera mpikisano, chonsecho m'zitsulo za njinga adabisamo zikalata zopulumutsira Ayuda. Ntchitoyi adaisunga mumtima. Yad Vashem idamulemekeza mu 2013, iye atamwalira kale mu 2000.

Mu 1948 adalowanso mpikisano uja, zaka zake zikukwana 34. Pofika ku Cannes adali atatsalira mphindi 21 kumbuyo kwa mnyamata Louison Bobet, ndipo ambiri ankamuyesa nkhalamba yotha ntchito. Iye sadatsike. M'mapiri a Alps adapambana zigawo zitatu zotsatizana, nafika ku Paris ali woyamba, atasiya womutsatira ndi mphindi 26. Pakati pa kupambana koyamba ndi kwachiwiri padapita zaka khumi.

Abale athu, nkhaniyi taikamba chifukwa cha mipando imene ili yopanda anthu m'tchalitchi mwathu. Alipo bambo amene ankatsogolera kwaya, mowa udawagwetsa anthu akuona. Alipo mayi amene banja lidawathera, ndipo ku Mphakati sapondakonso. Chikhulupiriro akali nacho, chowamanga miyendo ndi manyazi. Amati: takula, tikayambirenso pati?

Kumbukirani Petulo woyera. Adakana Ambuye katatu pabwalo la mkulu wa ansembe, akuotha moto, mtsikana wantchito akumva. Adabwerera ku maukonde ake. Koma m'mutu 21 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, Ambuye Yezu adamupeza pagombe, namudyetsa, namufunsa katatu za chikondi, namupatsa nkhosa zao kuti aziwete. Udindo waukulu adaulandira atagwa kale.

Tsono wobwerera achite monga wanjinga. Wopalasa amene wakhala zaka osakwera sayamba ndi chitunda. Amawongola mkombero, amathira mafuta pa tcheni, nayamba ndi mtunda waufupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi pemphero la madzulo m'nyumba mwanu. Loweruka pitani ku Sakramenti la Kulapa. Lamulungu khalani ngakhale pa mpando wakumbuyo.

Ndipo ife otsala, makamaka inu akatekisiti, tisakhale ngati oseka a pamsika aja. Sabata ino aliyense akagogode pakhomo limodzi, osafunsa za kale, angonena kuti: bambo, mayi, malo anu alipo.

Ambuye amene adadzutsa Petulo atidzutse ifenso. Amen.