Si chitsulo chilichonse chimene chimalola kuwotcherera



Vuto ili tonse tikulidziwa. Pini ya ngolo ikathyoka, kapena kachitsulo ka pampu yopalasa kakaduka, timathamangira kwa mmisiri wowotcherera pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Namitete. Timalipira. Sabata isanathe, chitsulo chija chang'aluka pomwe anawotchererapo, fodya ali m'ngolo, mbewu zikufota kudimba. Timati mmisiri watibera. Nthawi zina mmisiri salakwa ayi, vuto limakhala chitsulocho.

Pali chitsulo china chimene opanga ake amathiramo sulufule ndi mtovu pang'ono, magalamu 2 kapena 3 a mtovu pa kilogalamu imodzi, kuti chizisemeka msanga pa makina opangira mapini ndi tizitsulo ta mazinga. Ndi maso simungachisiyanitse ndi chinzake. Koma mtovu umasungunuka pa madigiri 327, pamene chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Mukachiwotcherera ndi magetsi, mtovu ndi sulufule zimasiya timabowo ndi ming'alu m'kati mwa msoko pamene ukuzizira. Utsi wa mtovuwo ndi poizoni kwa mmisiri ngakhalenso kwa ana amene amaonerera.

Nanga tichite chiyani? Kachitsulo kakang'ono, ngati ka pampu, mmisiri akalumikize ndi siliva pa moto wa gasi. Siliva wolumikizira amasungunuka cha m'ma madigiri 650, ndipo amalowa pakati chitsulocho chisanasungunuke. Chofunika n'chakuti mbali ziwirizo zikhale zopalidwa bwino ndiponso zothinana. Siliva ndi wokwera mtengo, choncho ndi wa tinthu ting'onoting'ono basi. Koma pini yokokera ngolo ikathyoka, tisalumikizenso. Tigule ina, chifukwa ikathyokera pamtsetse tivulaza ng'ombe ndi munthu yemwe.

Monga bungwe la alimi, tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, ogulitsa zitsulo azilemba pa lisiti mtundu wa chitsulo chimene atigulitsa. Chachiwiri, a TEVETA ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete akonze maphunziro afupiafupi a amisiri athu a m'misika ya kumidzi. Chachitatu ndi chathu chomwe: kalabu iliyonse isonkhe ndalama ndi kusungiratu mapini atsopano nthawi yokolola isanafike.

Mmisiri akatiuza kuti chitsulo chathu sichingagwire, tisakwiye naye. Ameneyo watisungira ndalama.