GALIMOTO IKAYAMBA KULIRA

Awa ndi mau amene Wothandiza wa za Nkhani analankhula kwa mafumu, aphunzitsi ndi eni magalimoto pa msika wa Lufita, m'boma la Chitipa.

 Ine ndine mwana pamaso panu, ndiponso sindine makaniko. Koma ndiri ndi nkhani imene inatigwera pa banja pathu, ndipo ndiganiza kuti ingathandize ena.

Mudziwa inu nonse kuti kuno kwathu galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Ingakhale mwini wake ndi mmodzi, mudzi wonse uikhulupirira. Ndiyo itenga chimanga ndi nyemba kudza nazo ku msika uno, ndiyo itenga feteleza, ndiyonso ithamanga usiku ndi wodwala kunka ku chipatala cha pa boma. Chifukwa chake galimoto ikagona ku garaja, ogona nayo ndi ambiri.

Amalume anga ali ndi kagalimoto kakale konyamula katundu, kamene anagula kogwirapo kale nchito. Tsiku lina kanayamba kulira chakutsogolo, kung'ung'udza ngati njuchi ziri mu mng'oma. Amalume anati, "Kangoyamba kumene, katha." Anayenda nako mwezi wathunthu. Phokoso litakula, anandituma ine pamodzi ndi woyendetsa kuti tikakasiye ku garaja lina lalikulu ku Mzuzu. Mudziwa ulendo wake: makilomita 101 kufika pa Karonga, ndipo kuchokera apo makilomita oposa 200, kukwera mapiri a Chiweta.

Kalaliki wa pa garaja anatifunsa kuti, "Yatani galimoto?" Ife tinayankha mau amodzi okha: "Ikulira." Iye analemba mau omwewo pa pepala, ife n'kukwera basi kubwerera kwathu.

Tinadikira masiku 17. Masiku oyamba galimoto inangokhala pa mzere, pakuti zinalipo zina zimene zinabwera kale. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anatiuza pa foni kuti aiyendetsa m'tauni koma sanamve kanthu. Zinali zoona, chifukwa phokoso lija linali kumveka bwino galimoto ikathamanga ndiponso ikasenza katundu, koma iwo anaiyesa yopanda kanthu, pang'ono-pang'ono. Ife tinali kudziwa zimenezi, koma sitinawauze. Titawafotokozera, anapeza chobvuta tsiku lomwelo: beringi ya gudumu lakutsogolo ku dzanja lamanzere inali itatha. Masiku otsalawo anathera pa kudikira chitsulo chatsopano kuchokera kutali.

M'masiku amenewo mai wina wa m'mudzi mwathu anayamba kubvutika ndi pakati usiku, ndipo anapita naye ku chipatala pa njinga yamoto, m'mphepo ya mwezi wa June. Mulungu anathandiza, mai ndi mwana ali bwino. Koma amalume sanagone usiku umenewo, ndipo ine ndinadziwa kuti sabata lathunthu la kudikira kuja tinalipanga ndi pakamwa pathu.

Tsono chimene ndifuna kunena lero ndi ichi: makaniko ali ngati dokotala, koma wodwala wake salankhula. Wolankhula m'malo mwake ndinu. Mukafotokoza bwino, masiku a kudikira achepa.

Musanapite ku garaja, tengani pepala ndi kulemba mayankho a mafunso awa. Kodi phokoso lichokera kuti, kutsogolo, kumbuyo kapena pansi? Limveka liti, poliza injini m'mawa, pothamanga, pokhota, poponda mabuleki kapena pa mabampu? Kodi limveka galimoto itaima? Likula mukasenza katundu? Linayamba tsiku liti, ndipo munadutsa m'madzi kapena kugunda mwala? Amene muli ndi foni yojambula mau, uzani mnzanu wokhala pambali ajambule kulirako. Aphunzitsi, apa ndi pamene mungathandize anansi anu amene sadziwa kulemba.

Ndi bwinonso kudziwa tanthauzo la kulira kwina, monga anandiphunzitsa amakaniko. Kung'ung'udza kumene kukula pamodzi ndi liwiro kawiri-kawiri ndi beringi ya gudumu. Kukakula pokhotera kumanja, yayamba kutha ndi ya kumanzere, chifukwa kulemera konse kupita kumeneko. Kulira kwa "ke-ke-ke" pokhota kwambiri kuchokera pa mfundo ya chitsulo chozunguza gudumu lakutsogolo. Mphira wobvundikira mfundoyo ukang'ambika, girizi atuluka ndipo fumbi lilowa. Kulira kwa "tswii" poliza injini m'mawa ndi lamba wolefuka kapena wakutha. Kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo poponda mabuleki kutanthauza kuti mabuleki adyeka onse. Kugogoda pa mabampu ndi mphira kapena mfundo za zitsulo zogwira magudumu, ndipo matenda amenewa ndi ochuluka pa galimoto zoyenda m'miseu ya fumbi monga ya ku Misuku, ku Wenya ndi ku Nthalire.

Pali kulira kwina kumene sikulola kuti muyende ngakhale kilomita imodzi. Mukamva kugogoda m'kati mwa injini, makamaka nyali yofiira ya oilo itayaka, zimitsani pomwepo. Chimodzimodzi ngati chiwongolero chiyamba kusewera m'manja, kapena mabuleki akulowa pansi osagwira. Ndipo musanayambe ulendo wautali wa ku garaja, pitani kwa makaniko wa pafupi akweze galimoto ndi jeke, azunguze gudumu liri lonse ndi kuligwedeza atagwira pamwamba ndi pansi. Ife sitinachite zimenezi. Pamene anationetsa beringi yakale ija, inali yopsa ndi yophwanyika m'kati. Beringi yotere ingagwire gudumu mwadzidzidzi, kapena kulilola kuti lichoke. Taganizani zimenezi zikadachitika pa makona a Chiweta.

Mukafika ku garaja, musathamangire basi. Pemphani kuti makaniko akwere nanu, muyendetse mpaka iye amve yekha phokosolo ndi makutu ake. Onani kuti kalaliki walemba zonse zimene mwanena, ndiponso makilomita a pa wochi ya galimoto ndi mafuta otsala. Chotsani katundu wanu yense. Funsani mtengo wa kufufuza chobvuta, chifukwa m'magaraja akulu kufufuzako kuli ndi mtengo wake pa kokha. Nenani poyera kuti asasinthe chitsulo chiri chonse asanakuuzeni mtengo wake, ndipo mtengowo ukhale wolembedwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Funsaninso ngati chitsulo chofunikacho ali nacho m'sitolo mwao. Galimoto zambiri za kuno zinabwera zogwirapo kale nchito kuchokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, ndipo mitundu yake ndi yambiri-mbiri. Palibe garaja limene lingasunge zitsulo za mitundu yonseyi. Zitsulo zigulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo mukumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iri yonse, mitengo ya zinthu zochokera kunja n'kukwera. Ena a inu mudzati, "Ndikagula ndekha ku Tunduma kapena ku Nakonde, n'kwapafupi." Mungatero, koma tengani nambala ya galimoto yolembedwa pa chitsulo cha thupi lake, ndipo yambani mwafunsa ngati garajalo libvomera kuika chitsulo chobwera nacho mwini, pakuti ena akana, ndipo ena sabwezera kanthu chikafa msanga. Chenjeraninso ndi zitsulo zonyenga zimene zifanana ndi zenizeni pa bokosi pokha.

Podikira, dikirani mwa nzeru. Pangananani tsiku limene adzakuuzani chimene apeza, lembani dzina la munthu mmodzi wolankhula naye, ndipo imbani pa tsiku lomwelo, mwaulemu. Kukalipa tsiku ndi tsiku kuchititsa makaniko kungosintha chitsulo china chiri chonse kuti mucoke pamaso pake, inu n'kulipira, phokoso liri pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha sikutanthauza kukhala chete mwezi wonse. Ngati mwalipira ndipo nchito siichitika, kapena akulipiritsani zimene simunabvomere, pali lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndiponso bungwe la Boma la Competition and Fair Trading Commission limene lilandira madandaulo otere. Koma bungwe lingakuthandizeni bwino ngati muli ndi mapepala. Sungani lisiti liri lonse.

Tsiku lokatenga galimoto, pemphani zitsulo zakale zimene achotsa, pakuti ndi zanu, ndipo ndiwo umboni wakuti nchito yachitikadi. Yendetsani galimoto pamodzi ndi makaniko musanachoke. Kubwerera ku Mzuzu mutafika kale pa Lufita ndi kutaya mafuta a makilomita oposa 600.

Mau otsiriza ndi kwa inu mafumu. Galimoto ya m'mudzi ikapita ku garaja, mudzi udziwe tsiku lomwelo, ndipo mupangane msanga za amene adzanyamula wodwala usiku. Amai amene masiku ao ayandikira apite kukadikirira ku chipatala, asakhulupirire galimoto imene kulibe.

Beringi yakale ija amalume anaikoleka pa msomali pa khonde pao. Amene afuna kuiona, kapena afuna kuti ndimthandize kulemba pepala lonka nalo ku garaja, andipeze msonkhano ukatha.